Nyimbo Ikakana Kuyamba Kapena Kuima pa Kompyuta

Pulogalamu yolizira nyimbo pa kompyuta imayendetsedwa ndi mabatani owerengeka: loyambitsa, loimitsa kaye, loimitsiratu, lolumphira ku nyimbo yotsatira ndi lobwerera ku yapitayo. Pambali pa amenewa pali ena awiri amene ambiri sawayang'ana n'komwe, lobwereza nyimbo ndi losakaniza mndandanda, komanso timizere tiwiri, kosonyeza pamene nyimbo yafika ndi kokwezera mawu. Vuto limayamba chimodzi mwa zimenezi chikasiya kumvera. Munthu adina koma nyimbo osayamba, aimitsa koma ikulirabe, nyimbo imodzi ingobwerezabwereza, kapena pulogalamu ingodumphadumpha mndandanda wonse mpaka kumapeto osaimba kanthu.

Pa Ntaja, m'boma la Machinga, pamsewu wa Bakili Muluzi wochokera ku Liwonde kulowera ku Nselema, nkhani imeneyi ikukhudza chakudya cha anthu. Kompyuta yapatebulo kumeneko, monganso ku Liwonde, ku Ulongwe ndi pa Balaka, imapezeka m'timashopu ta anyamata obena nyimbo amene amathira nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi ndi m'mafulashi, m'nyumba zoonetsera mavidiyo, ndiponso m'manja mwa ma DJ obwereketsa zokuzira mawu pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa chikondwerero cha kutuluka kwa anamwali. Kufunika kwa batani loimitsa kumaonekera bwino pa perekaniperekani. Woyendetsa mwambo akakweza dzanja kuti aitane akuchikazi kapena akuchimuna, nyimbo iyenera kuduka pomwepo, ndipo akangomaliza kulankhula iyenera kupitirira pamene inalekezera anthu asanabwerere pamipando, chifukwa ndalama zimaponyedwa nyimbo ikulira. DJ amene nyimbo yake yachedwa kuima kawiri katatu mbiri yake imafika m'midzi yozungulira ukwati usanathe, ngakhale masipika ake akhale aakulu chotani.

Makompyuta ogwira ntchito zoterezi kawirikawiri ndi ogwiritsidwapo kale, a Dell kapena HP, ogulidwa ku Limbe kapena otumizidwa ndi abale a ku Joni. Si zachilendo kuwapeza akadali pa Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, kapena pa Windows 10, imene nthawi yake inatha mu Okutobala 2025. Mapulogalamu odziwika ndi Windows Media Player, imene imabwera ndi Windows yomwe. Ina ndi Winamp, imene kampani ya Nullsoft inatulutsa mu 1997. Ina ndi VLC, imene anaiyamba ophunzira a pa École Centrale Paris mu 1996 n'kuitsegulira aliyense mu 2001. Palinso VirtualDJ kwa amene amaphatikiza nyimbo ziwiri. Nthawi zambiri onsewa amakhala m'kompyuta imodzi, ndipo mavuto angapo amachokera pomwepo.

Batani limene munthu amaliona pa sikirini ndi poyambira chabe. Lamulo loti nyimbo iyambe limachoka pa chala, lidutsa pa kiyibodi kapena mausi, lilandiridwa ndi Windows, liperekedwa ku pulogalamu. Pulogalamuyo iyang'ana pa mndandanda kuti nyimboyo ili pati, itsegula fayilo pa disiki, iisandutsa mawu, n'kutumiza mawuwo ku chipangizo cha mawu cha m'kompyuta. Kuchoka apo ndi chingwe, ampulifaya ndi masipika. Zili ngati uthenga wotumizidwa kumudzi wakutali kudzera mwa anthu angapo: ukapanda kufika, wanzeru amafufuza amene anaulandira komaliza. Kukonza konse kwagona pa kupeza pamene lamulo lathera, ndipo njira yake ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Wosintha chingwe, pulogalamu ndi fulashi zonse pamodzi angathe kuchiritsa kompyuta lero, koma vuto likadzabwerera mawa sadzadziwa poyambira.

Mafunso atatu amadula ntchito pakati. Loyamba: manambala osonyeza mphindi za nyimbo akuyenda kapena aima? Ngati akuyenda, pulogalamu yamvera ndipo vuto lili kutsogolo, kunjira ya mawu. Ngati aima pa 00:00, vuto lili pa batani, pa pulogalamu kapena pa fayilo. Lachiwiri: zikukanika ndi kiyibodi yokha kapena ndi mausi yomwe? Lachitatu: ndi nyimbo imodzi kapena zonse, ndipo nyimbo yomweyo ikatsegulidwa m'pulogalamu ina ikutani? Mayankho atatuwa satenga mphindi zisanu, komabe ndi amene amalumphidwa kwambiri anthu akadzaza pakhomo ndipo mtima uli m'mwamba.

Kiyibodi ndiyo imasokoneza anthu koposa. Windows imapereka chilichonse chodinidwa pa kiyibodi ku windo imene yadinidwa komaliza. Mnyamata wobena nyimbo akamafunafuna nyimbo ya kasitomala m'mafoda, windo ya fodayo ndi imene ili patsogolo, choncho batani lalitali lapansi, limene mu VLC limaimitsa ndi kuyambitsa nyimbo, lidzapita ku foda ndipo nyimbo idzangolirabe. Palibe chawonongeka. Kudina kamodzi pa pulogalamu yolizirayo, kapena kubwererako ndi Alt ndi Tab, kumathetsa nkhani. Amene akufuna kuti pulogalamu izimva ngakhale ili kumbuyo kwa mawindo ena angathe kuika mabatani otchedwa global hotkeys, amene alipo mu Preferences ya VLC ndi ya Winamp. Mu VLC amayamba kugwira ntchito pulogalamu ikatsekedwa n'kutsegulidwanso.

Chinanso n'chakuti mapulogalamuwa sagwirizana pa tanthauzo la zilembo. Mu Winamp mzere wapansi wa kiyibodi ndiwo umayendetsa zonse: Z kubwerera, X kuyamba, C kuimitsa kaye, V kuimitsiratu, B kupita kutsogolo. Mu VLC kuimitsiratu ndi S, yotsatira ndi N, yapitayo ndi P. Mu Windows Media Player pamafunika Ctrl: Ctrl ndi P kuyamba kapena kuimitsa kaye, Ctrl ndi S kuimitsiratu, Ctrl ndi F kutsogolo, Ctrl ndi B m'mbuyo. Ngozi ili apa: chilembo S, chimene mu VLC chimaimitsa nyimbo, mu Winamp chimayatsa kusakaniza, ndipo R, imene mu Winamp imayatsa kubwereza, mu VLC imayatsa kusakaniza. Munthu wozolowera VLC akadina S mu Winamp, nyimbo siima, ndipo kuyambira pamenepo mndandanda umene anaukonza usiku wonse uyamba kuyenda chisawawa popanda iye kudziwa chimene wakhudza. Nyimbo yolowera akwati ikatha pabwera ya maliro kapena kaswida imene inali m'foda yomweyo. Mwini zida amene amasinthanitsa anyamata ogwira ntchito amachita bwino kusankha pulogalamu imodzi ndi kumata kapepala ka zilembo zake pambali pa sikirini.

Makiyibodi ena ali ndi mabatani akeake a nyimbo pamwamba. Amenewa amalandiridwa ndi pulogalamu iliyonse imene yawagwira, ndipo kuyambira mu 2019 Google Chrome nayo inayamba kuwamvera. Ngati mu Chrome muli tsamba la YouTube lotsegula, batani loimitsa lingathe kukaimitsa kapena kuyambitsa vidiyo ya kumeneko, nyimbo ya pa masipika ikupitirira. Kutseka Chrome ndi mayeso osavuta. Masipika ndi mahedifoni a Bluetooth nawo amatumiza malamulo oimitsa ndi olumpha, kotero mwana wosewera ndi mabatani a sipika panja angathe kusintha nyimbo DJ manja ali m'thumba.

Fumbi la m'chilimwe, makamaka m'mashopu oyang'ana kumsewu, limamatiriza mabatani. Batani la N kapena la B likamatirira pansi, pulogalamu imalandira lamulo lolumpha mosalekeza. Njira yodziwira ndi kutsegula Notepad n'kuona ngati chilembo chikudzilemba chokha, kapena kungozula kiyibodi n'kuyendetsa ndi mausi. Mausi yakale ili ndi nthenda yakeyake: kabatani ka mkati kakatha, kudina kamodzi kumawerengedwa kawiri. Popeza mu VLC ndi mu Windows Media Player batani loyambitsa ndi loimitsa kaye ndi limodzi lomwelo, kudina koyamba kumayambitsa nyimbo, kwachiwiri kuiimitsa, ndipo munthu amangoona ngati pulogalamu yakana. Anthu afufutapo Windows yonse chifukwa cha mausi imene ikanangosinthidwa.

Nyimbo imene ikukana kuima ngakhale batani ladinidwa ndipo manambala aima, pafupifupi nthawi zonse ikuchokera kwina. Kudina kawiri pa fayilo kungatsegule pulogalamu yachiwiri pamene yoyamba ikulirabe kumbuyo, kapena nyimbo ina yatsegukira mu Windows Media Player pamene ina ili mu VLC. Task Manager, imene imatsegulidwa ndi Ctrl, Shift ndi Esc, imaonetsa zonse zimene zikuyenda, ndipo pomwepo pulogalamu yojama imatsekedwa popanda kuzimitsa kompyuta. Kuti zisabwerezeke, mu Preferences ya VLC muli mawu akuti Allow only one instance, ndipo pafupi pake pali ena ouza pulogalamu kuti nyimbo yodinidwa kumene ikafole kumapeto kwa mndandanda m'malo modula imene ikulira. Kwa wobena nyimbo amene amamvetsera makasitomala nyimbo zosiyanasiyana, kuduladula kulibe kanthu. Kwa DJ wa paukwati kufoletsa n'kofunika kwambiri.

Gulu lina la mavuto ndi la zinthu zimene pulogalamu inauzidwa ndipo ikuzisunga mokhulupirika. Batani lobwereza mu VLC lili ndi masitepe atatu: osabwereza, kubwereza mndandanda wonse, ndi kubwereza nyimbo imodzi, ndipo chilembo L chimazungulira atatuwa. Nyimbo ikamabwerera yokhayokha, pamenepo ndi poyamba kuyang'ana. Ikamabwereza kachigawo kochepa chabe, ndiye kuti kabatani ka A ndi B ka mu Advanced Controls kadinidwa. Pulogalamu ikamaima nyimbo iliyonse ikatha, mu VLC pamakhala kuti Play and stop yayatsidwa m'gawo la Playlist, pamene mu Winamp dzina lake ndi Manual playlist advance. Liwiro nalo limasokonekera ndi chala chimodzi: mu VLC chizindikiro chowonjezera ndi chochotsera zimathamangitsa kapena kuchedwetsa nyimbo, ndipo chifukwa pulogalamuyi imasunga mawu a woimba pa msinkhu wake, ambiri sazindikira msanga, amangodabwa kuti ovina akutopa. Chizindikiro cha = chimabwezeretsa liwiro lenileni, ndipo mu Windows Media Player ndi Ctrl, Shift ndi N. Mu VirtualDJ, kamzere kapakati kosinthira mbali kakakhala kumanzere, nyimbo ya kumanja imayenda mwakachetechete ngakhale mbale yake ikuzungulira pa sikirini.

Pamene sizikudziwika kuti chakhudzidwa n'chiyani, VLC ili ndi batani la Reset Preferences limene limabweza zonse mmene zinalili pachiyambi osakhudza nyimbo ngakhale imodzi. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Kuchotsa pulogalamu ndi kuiikanso sikufufuta zimene inauzidwa, chifukwa zimasungidwa padera, m'fayilo yotchedwa vlcrc m'foda ya AppData, pokhapokha munthu atasankha dala kuti zifufutidwe pochotsapo. N'chifukwa chake wina amaikanso VLC katatu konse n'kupeza vuto lili pomwepo. Windows Media Player 12 nayo imasunga kaundula wake wa nyimbo, ndipo akawonongeka pulogalamu imajama kapena kuonetsa nyimbo zimene kulibe. Pansi pa Tools ndi Advanced pali Restore Media Library, imene imamanganso kaundulayo. Chenjezo n'lakuti pofufuta nyimbo m'kaundulayu pulogalamu imafunsa ngati ichotsedwe m'kaundula mokha kapena m'kompyuta momwe, ndipo wodina mothamanga amataya fayilo yeniyeniyo.

Kulumpha mndandanda wonse osaimba kumasonyeza kuti pulogalamu ikupita pamene inauzidwa n'kupeza palibe kanthu. Mndandanda wosungidwa, monga fayilo ya M3U, mulibe nyimbo mkati mwake. Muli maina ndi malo okha. Windows imapatsa fulashi kapena hadi disiki yapadera chilembo, lero E, ndipo mawa, ngati memore khadi ya kasitomala yalowa kaye, F. Mndandanda ukafunafuna nyimbo pa E supeza. M'shopu mmene mafulashi amalowa ndi kutuluka tsiku lonse zimenezi sizisowa. Mankhwala ake ndi kupatsa disiki yosungira nyimbo chilembo chakutali, monga M, kudzera mu Disk Management, kuti chisalandidwe ndi china, ndipo nyimbo za mwambo zikoperedwe mu hadi disiki ya m'kati tsiku lisanafike. Kusintha dzina la foda kapena kuisuntha kumadulanso mndandanda mofananamo. VLC imalemba chifukwa chimene yakanira m'gawo la Messages, lotsegulidwa ndi Ctrl ndi M, ndipo ngakhale zolembazo zili m'Chingelezi chovuta, dzina la fayilo yosowa limaoneka.

Mafulashi ali ndi mavuto ena awiri. Loyamba ndi vayirasi imene imabisa mafoda n'kusiya timashotikati tofanana nawo maina. Nyimbo zimakhala zilipo, zangobisika, ndipo kudina kashotikatiko ndi kumene kumafalitsa vayirasi. Akaichotsa vayirasiyo, mafoda amabwerera ndi lamulo lolembedwa mu Command Prompt lakuti attrib -h -r -s /s /d motsatidwa ndi chilembo cha fulashiyo, monga E:\*.* ngati ili pa E. Lachiwiri ndi mafulashi ndi mamemore khadi achinyengo, olembedwa 32 GB pamene mkati mwake ndi mochepa kwambiri. Kukopera kumaoneka ngati kwatheka, maina onse alipo, koma nyimbo zambiri sizilira. Kasitomala amabwerera atakwiya, n'kumanena kuti wobenayo wamubera. Pulogalamu yaing'ono yotchedwa H2testw imayesa kukula kwenikweni, ndipo popanda imeneyo munthu angathe kudzaza khadiyo n'kuyesa nyimbo zoyambirira ndi zomalizira. Kuzula fulashi kukopera kusanathe kumasiyanso mafayilo oduka pakati.

Vuto likakhala pa nyimbo imodzi yokha, kawirikawiri pulogalamu ilibe mlandu. Nyimbo zambiri za m'makompyutawa zadutsa m'manja ambiri: pa WhatsApp, pa Bluetooth, pa intaneti yodukaduka. Fayilo imene inatsitsidwa theka imalira mpaka pakati n'kulumpha. Ina imalembedwa .mp3 pamene mkati mwake ndi mtundu wina, monga M4A kapena Opus, chifukwa wina anangosintha dzina. VLC imayang'ana mkati n'kuiliza, pamene mapulogalamu ena ndi mawailesi olowa memore khadi amaikana. Palinso ma MP3 amene kulemera kwake kumasinthasintha m'kati mwa nyimbo, otchedwa VBR. Akasowa kachidutswa kapamutu kofotokoza kutalika kwake, pulogalamu imangoyerekeza: nyimbo ya mphindi 5 ioneka ya mphindi 20, ndipo kukoka kamzere kuti ifike pa kolasi kumaiponya pena paliponse. Fayilo yotere ifunika kuisandutsanso kukhala MP3 yatsopano kapena kupeza ina yabwino.

Manambala akamayenda koma kuli zii, kufufuza kumatsata njira ya mawu. Malo ochepetsera mawu ndi angapo: m'pulogalamu momwemo, pa Volume Mixer ya Windows imene imapatsa pulogalamu iliyonse mlingo wakewake, pa mikisa ndi pa ampulifaya. Chilembo M mu VLC ndi F7 mu Windows Media Player zimatseka mawu. Kumbuyo kwa kompyuta, bowo lobiriwira ndi lotulutsa mawu, lapinki ndi la maikolofoni, labuluu ndi lolowetsa. Pamdima wa m'bandakucha chingwe chimalowa molakwika mosavuta. M'nyumba zoonetsera mavidiyo, kulumikiza TV ndi chingwe cha HDMI kumachititsa Windows kutumiza mawu ku TV, masipika n'kukhala chete, mpaka munthu atasankhanso masipika m'gawo la Playback devices kapena pansi pa Audio Device mu VLC. Mawu akamatsika okha pamene wina akuimba foni ya pa kompyuta, ndi Windows imene ikuwachepetsa ndi 80 peresenti monga inapangidwira, ndipo zimenezi zimazimitsidwa m'gawo la Communications. Mapulogalamu onse akakana kuyamba nthawi imodzi, ndipo pa kachizindikiro ka sipika pali mtanda wofiira, ndiye kuti Windows Audio yaima kapena driver ya mawu yasowa, zimene zimachitika kwambiri kompyuta ikangofomatidwa kumene. Pa VLC mawu amakwera kupitirira 100 peresenti, koma kutero kumangowaphwanya ndi kuzunza masipika. Mphamvu yowonjezera ichokere ku ampulifaya.

Kudukaduka kwa mawu ndi kuchedwa kumvera ndi zizindikiro za kompyuta yolemedwa. Kukopera mafilimu m'mafulashi awiri, antivayirasi ikusesa, nyimbo ikulira kuchokera pa disiki yomweyo, zonsezi zimalimbirana hadi disiki imodzi yakale. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala pansi pa denga la malata kumawonjezera: fani ikatsekeka ndi fumbi, purosesa imadzichedwetsa yokha kuti isapse, ndipo ikapyola malire kompyuta imangozima. Kutsegula bokosi, magetsi atazulidwa, n'kupemerera fumbi kumathandiza kuposa pulogalamu iliyonse yolonjeza kufulumizitsa kompyuta. Windows imagonekanso hadi disiki imene yakhala mphindi 20 osagwira ntchito, choncho pambuyo pa malankhulidwe aatali a ankhoswe, kudina nyimbo ya pa disiki yachiwiri kumatenga masekondi angapo. Zimenezi zimasinthidwa mu Power Options. Koma disiki ikayamba kulira kuti tiki tiki, kapena ikamajama pa mafoda omwewomwewo, ili pafupi kufa, ndipo ntchito yoyamba ndi kusamutsa nyimbo.

Kumbuyo kwa zambiri mwa zimenezi kuli magetsi. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi ake amayendetsedwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, m'boma la Machinga lomweli. Madzi akachepa, kapena matope ndi namasupuni zikatseka makina, kuthimathima kumachuluka. Namondwe wotchedwa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Kompyuta yapatebulo ilibe batire yoisunga. Magetsi akathima pamene pulogalamu ikulemba zosunga zake kapena kaundula wake, fayiloyo imatsala yoduka, ndipo m'mawa mwake pulogalamu imadzuka yosokonezeka. Jenereta yaing'ono imene ikukoka ampulifaya yaikulu imagwetsa mphamvu nthawi iliyonse besi ikagunda, kompyuta n'kuyambiranso yokha pakati pa gule. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, ndipo kompyuta imafuna kuti akhazikike pamenepo. Batire yapadera yotchedwa UPS, ngakhale yaing'ono yongopereka mphindi zochepa zozimitsira bwino, imateteza zambiri kuposa sipika yowonjezera, ngakhale kuti pogula zida ambiri amaiika kumapeto chifukwa simveka kwa anthu.

Chizolowezi chimene chiyenera kutsutsidwa poyera ndi chothamangira kufomata. Kompyuta ikangovuta pang'ono, yankho lofulumira limakhala lakuti yalowa vayirasi, ifomatidwe. Nthawi zina n'zoona. Koma mausi yotha, chilembo cha disiki chosintha, chingwe cholowa bowo lapinki, batani la L kapena fayilo yoduka sizichira ndi kufomata, ndipo mwiniwake amalipira ndalama, kutaya tsiku la malonda, n'kubwerera ku vuto lomwe lija. Choipa kwambiri n'chakuti nyimbo zikakhala pa gawo limodzi la disiki ndi Windows, zimapita nayo.

Kutayika kumeneku n'kokulirapo kuposa mmene kumaonekera. Dera lino ndi kwawo kwa nyimbo zimene zinagwedeza dziko lonse. Alleluya Band inayamba ku Balaka mu 1978, Balaka idakali mbali ya boma la Machinga, lisanakhale boma palokha mu 1998. Kumeneko n'kumene Paul Banda anajambulira oimba ambiri mu situdiyo yake, ndipo mng'ono wake Lucius Banda, amene anamwalira mu Juni 2024, anachokera komweko. Zimbale zambiri za m'zaka za m'ma 1990 zinatuluka pa makaseti, ogulitsidwa kudzera mwa O.G. Issa ku Limbe, ndipo makaseti amatha. Za oimba otchuka zimapezeka pa intaneti, koma za makwaya a m'matchalitchi a m'midzi, za magulu a kaswida, za mnyamata amene anajambula nyimbo ziwiri n'kupita ku Joni, kawirikawiri zimatsala pa hadi disiki ya wobena nyimbo basi. Nkhani ya umwini wa nyimbozi ndi yeniyeni, ndipo bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992, pamodzi ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, zilipo kuti woimba alandire thukuta lake; wokopera ndi wolizira nyimbo pagulu ayenera kutsata zimenezo. Komabe disiki yofufutidwa sipindulira woimba, wogulitsa kapena womvera.

Kompyuta yokonzedwa bwino imakhala ndi Windows pa gawo lake ndi nyimbo pa gawo lina, ndiponso kope lachiwiri la nyimbo pa disiki imene imasungidwa kunyumba. Imakhala ndi pulogalamu imodzi yosankhidwa kuti ndiyo izitsegula nyimbo zonse, ndi ina yapambali yoyesera pakavuta. Mausi ndi chingwe cha mawu zapadera zimakhala m'chikwama, pamodzi ndi foni imene muli nyimbo zofunika kwambiri za mwambo, kuti kompyuta ikamayambiranso bwalo lisakhale chete. DJ amene ali ndi ukwati Loweruka ayese mndandanda wake Lachisanu, pa zida zomwezo ndi jenereta yomweyo, nyimbo iliyonse aiyambitse ndi kuiimitsa. Ndipo wokonza makompyuta aliyense, kaya pa Ntaja, ku Liwonde kapena pa Balaka, asanafomate kompyuta ya munthu, ayambe wafunsa mwiniwake kuti nyimbo zili pati, azikopere kwina, kenako ayese mausi ina.